Kuulutsa droni mosaphwanya malamulo a mlengalenga: mafunso ndi mayankho

Munthu akamagula droni amafunsa za batire, za kamera ndi za mtunda umene ingafike. Funso la malamulo limabwera mochedwa, nthawi zina wapolisi ataima kale pambali pake. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amavuta anthu oulutsa droni pongofuna kusangalala. Manambala amasiyana dziko ndi dziko ndipo amasinthidwa pafupipafupi, n'chifukwa chake ndatchula dziko paliponse pamene ndapereka nambala. Chimene ndikufuna chimveke kwambiri ndi chifukwa chimene malamulowa anaikidwira, pakuti chimenecho n'chimodzi kulikonse: woyendetsa ndege yonyamula anthu sangaione droni yanu m'nthawi yake, choncho udindo wonse wopewa ngozi uli m'manja mwa inu amene mwagwira rimoti.

Kanthu kolowa m'chikwama, nako n'kutchedwa ndege?

Inde. Pamaso pa lamulo, droni ikangonyamuka pansi ndi ndege, ndipo inu ndinu woiyendetsa. Nkhaniyi si yatsopano. Pangano la ku Chicago la 1944, limene linabala ICAO, bungwe la mayiko loona za ndege lomwe likulu lake lili ku Montreal, limati dziko lililonse lili ndi ulamuliro wonse pa mlengalenga wa pamwamba pake. Gawo 8 la pangano lomwelo linatchula kale za ndege zouluka popanda munthu m'kati, kuti zisadutse pamwamba pa dziko lina popanda chilolezo. Pamenepo droni ya m'manja inali isanaganiziridwe n'komwe.

Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti palibe lamulo limodzi la dziko lonse lapansi. Dziko lililonse lili ndi bungwe lake loyang'anira za ndege: FAA ku United States, CAA ku United Kingdom, CASA ku Australia, Transport Canada ku Canada, SACAA ku South Africa. Mayiko a European Union amagwiritsa ntchito malamulo amodzi a EASA, bungwe lawo la za ndege, amene anayamba kugwira ntchito pa 31 Disembala 2020. Musanaulutse koyamba, pezani bungwe la dziko limene muli ndipo werengani zimene lalemba lokha, osati zimene wogulitsa kapena mnzanu wakuuzani.

N'chifukwa chiyani pafupifupi kulikonse amati droni isakwere kupyola mamita 120?

Nambalayi sanaitole pamsewu. Ndege zonyamula anthu, zikakhala kuti sizikunyamuka kapena kutera, kawirikawiri siziloledwa kutsika kupyola mamita 150 kuchokera pansi, ndiwo mafiti 500. Madroni anawapatsa malire a mamita 120, mafiti 400. Mamita 30 otsala pakatipo ndi mpata wosiyanitsa magulu awiriwa kuti asakumane. Mukakwera kupyola 120, simunangodumpha nambala ya papepala, mwalowa m'njira ya anzanu amene ali ndi moyo wa anthu m'manja.

Komabe musatenge mpata umenewu ngati khoma. Pali ndege zambiri zololedwa kuuluka m'munsi mwa mamita 150: mahelikopita onyamula odwala, a polisi, ndege zopopera mankhwala m'minda, zoyendera nthambo za magetsi, za asilikali pophunzira. Zonsezi zingatulukire kuseri kwa phiri kapena kwa mitengo inu muli pa mamita 80, mukutsata lamulo bwinobwino. Ngakhale pamenepo, wopatuka ndinu.

Mayiko ena ali ndi nambala yosiyanako. Ku Japan malire ndi mamita 150, ku Canada amalemba 122. Kusiyanako n'kochepa, ganizo lake n'lomwelo.

Nanga kutalikako amayeza kuchokera pati?

Apa ambiri amapunthwa popanda kudziwa. Nambala imene mumaona pa sikirini nthawi zambiri ndi kutalika kuchokera pamene droni inanyamukira, pamene lamulo limayeza kuchokera pa nthaka imene ili pansi pa droniyo. Tiyerekeze kuti mwaima pamwamba pa phiri, mwakweza droni mamita 50, kenako mwaipititsa kutsogolo pamwamba pa chigwa chakuya mamita 200. Sikirini ikuwerengabe 50, koma droniyo yalenjekeka mamita 250 pamwamba pa chigwa, m'dera limene helikopita ingadutse. Malamulo a EASA amanena momveka kuti droni ikhale pasanathe mamita 120 kuchokera pa malo a nthaka amene ali pafupi kwambiri nayo.

Yang'ananinso kutalika kumene munaika kuti droni izikwera pobwerera yokha ikataya kulumikizana ndi rimoti. Kukhale kopitirira mitengo ndi nyumba za pamalopo, koma kosadutsa malire a lamulo. Ena amaika nambala yaikulu kamodzi n'kuiwala.

Ndingayandikire bwalo la ndege mpaka pati?

Yankho langa ndi lakuti musayandikire, pokhapokha muli ndi chilolezo cholembedwa. Taonani masamu ake. Ndege yaikulu ikamatera imatsika pang'onopang'ono pa ngodya ya madigiri 3. Ikakhala makilomita 2 kuchokera poyambira msewu woterapo, ili pafupifupi mamita 120 kuchokera pansi, pomwepo pamene droni yanu imaloledwa kufika kwina. Liwiro lake panthawiyo limakhala cha m'ma makilomita 250 pa ola, kutanthauza mamita pafupifupi 70 pa sekondi imodzi. Woyendetsa akaona kadontho kutsogolo kwake, sekondi ziwiri kapena zitatu zokha wakafika kale. Ndege ya matani ambirimbiri singakhote ngati njinga.

Droni si mbalame. Mbalame ndi nyama ndi mafupa ofewa, droni ili ndi mamota achitsulo ndi batire lolimba limene lingathe kuyaka. Mu Okutobala 2017 droni inagunda ndege yaing'ono yonyamula anthu imene inkatera pabwalo la Jean Lesage mumzinda wa Quebec. Mwamwayi inatera bwino ndipo palibe anavulala.

Ndipo si kugunda kokha kumene kumavulaza. Kuyambira pa 19 mpaka 21 Disembala 2018, bwalo la Gatwick pafupi ndi London linatsekedwa chifukwa anthu ananena kuti aona madroni pafupi ndi msewu wa ndege. Maulendo pafupifupi 1,000 anasokonekera, ndipo anthu pafupifupi 140,000 anakhudzidwa, masiku ochepa Khirisimasi isanakwane. Palibe amene anazengedwa mlandu pa nkhaniyo. Zitachitika izi, mu Malichi 2019, United Kingdom inakulitsa dera loletsedwa mpaka makilomita 5 kuchokera kumapeto kwa msewu wa ndege. Kumeneko kuika ndege pa chiopsezo ndi mlandu wokhalira kundende mpaka zaka 5.

Mitunda ina: ku Canada makilomita 5.6 kuchokera pabwalo la ndege ndi 1.9 kuchokera potera mahelikopita. Ku Australia makilomita 5.5 kuchokera pabwalo lokhala ndi oongolera ndege, ngati droni ikulemera kuposa magalamu 250. Ku South Africa makilomita 10. Musaiwale timabwalo ting'onoting'ono ta udzu ndi malo otera helikopita pa zipatala. Sitioneka ngati bwalo la ndege, koma ndege zimaterapo ndithu.

Ndingadziwe bwanji kuti mlengalenga wa pamalo amene ndaima ndi wotani?

Ndi maso simungadziwe, thambo limaoneka chimodzimodzi paliponse. ICAO inagawa mlengalenga m'magulu otchulidwa ndi zilembo A mpaka G. Kuyambira A mpaka E ndi mlengalenga umene oongolera ndege amauyang'anira, G ndi umene sauyang'anira. Oulutsa madroni ambiri amakhala mu G, pafupi ndi nthaka. Koma kuzungulira mabwalo akuluakulu, dera loyang'aniridwa limayambira pansi penipeni, moti ngakhale kukweza droni mamita 10 kuseri kwa nyumba kungafune chilolezo.

Mabungwe ambiri ali ndi mapu a pa intaneti osonyeza madera amenewa. Ku United States kuli B4UFLY yosonyeza malire, ndi LAANC yopemphera chilolezo, yomwe nthawi zambiri imayankha m'kanthawi kochepa n'kukuuzani kutalika kumene mungafike pamalopo. Ku India mapu a Digital Sky amagawa dziko m'madera obiriwira, achikasu ndi ofiira.

Kuwonjezera apo pali ziletso zosakhalitsa, zimene zimalengezedwa kudzera mu zidziwitso zotchedwa NOTAM. Zimabwera pakakhala ulendo wa mtsogoleri wa dziko, chionetsero cha ndege, moto wa m'nkhalango kapena masewera akuluakulu. Ku United States, pa masewera ena a m'mabwalo okhala anthu 30,000 kapena kuposa, droni siloledwa pa mtunda wa makilomita oposa 5 kuzungulira bwalolo, kuyambira ola limodzi masewera asanayambe mpaka ola limodzi atatha. Malo amene munaulutsapo dzulo popanda vuto akhoza kukhala oletsedwa lero, choncho muziyang'ana mapu tsiku lomwelo, osati kamodzi pachaka.

Droni yanga yalola kunyamuka. Ndiye kuti pano m'pololedwa?

Ayi, ndipo maganizo amenewa agwetsa ambiri m'mavuto. Opanga ena amaika mpanda wosaoneka m'pulogalamu ya droni, wakuti ikane kunyamuka pafupi ndi bwalo la ndege kapena malo ena ofunika chitetezo. Mpandawo ndi wa kampani, si wa boma. Ukhoza kukhala wakale, ukhoza kusowa ziletso zosakhalitsa, ndipo kampani ikhoza kuuchotsa. Mu Januwale 2025 kampani yopanga madroni ya DJI inasiya kutsekera madroni ake m'madera oletsedwa ku United States, n'kuyamba kungoonetsa chenjezo pa sikirini, chisankho n'kusiyira woulutsa. Bwalo la milandu silidzafunsa chimene pulogalamu inalola, lidzafunsa chimene inu munachita.

Yanga ndi yochepera magalamu 250. Malamulowa akundikhudza?

Akukukhudzani. Zoonadi madroni ochepera magalamu 250 anawapeputsira zina, n'chifukwa chake opanga amatulutsa a magalamu 249. Ku United States droni yotere safuna kuti ilembetsedwe ngati mukuulutsa pongosangalala. Ku European Union imaloledwa kuyandikira anthu kuposa zolemera. Koma malire a kutalika, kutalikira bwalo la ndege, kuiona ndi maso ndi kupatukira ndege zina, zonsezi m'mayiko ambiri zili pomwepo. Ku European Union, ikakhala ndi kamera ndipo si chidole cha ana, mwini wake ayenera kulembetsa ngakhale ikhale yopepuka chotani. Ku Japan kulembetsa kumayambira pa magalamu 100 kuchokera mu Juni 2022.

Samalaninso ndi zowonjezera. Batire lalikulupo, zotchingira timapiko kapena nyale zikhoza kuikweza kupyola 250, ndipo lamulo limawerenga kulemera kwake ponyamuka, osati kumene kunalembedwa pa katoni.

Kulembetsa ndi mayeso n'zofunikadi kwa munthu wongosewera?

M'mayiko ambiri n'zofunika, ndipo si zovuta. Ku United States woulutsa pongosangalala amalemba mayeso aulere a pa intaneti otchedwa TRUST, amene anayamba mu 2021, ndipo kulembetsa droni kumagwira ntchito zaka 3. Ku European Union mayeso oyambira ali ndi mafunso 40. Ku United Kingdom kuli ziphaso ziwiri: Flyer ID ya wogwira rimoti, ndi Operator ID ya mwini droni, amene ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposa. Nambala imene mwapatsidwa imamatidwa pa droniyo pooneka.

Mayiko angapo akufunanso Remote ID, chimene tingachiyerekeze ndi nambala ya galimoto, koma youlutsidwa pa wailesi. Droni ikamauluka imalengeza nambala yake, pamene ili ndi pamene inanyamukira kapena pamene woulutsa waima. Ena sakondwa nazo, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka, chifukwa munthu aliyense wokhala ndi foni yoyenera angathe kudziwa pamene mwaima. Koma pamene ndi lamulo, kuzimitsa ndi mlandu.

Ine ndingalimbikitse kulemba mayesowo ngakhale dziko lanu silikukakamiza. Ola limodzi lowerenga limakutsegulani maso pa zinthu zimene simukanaziganizira.

Kamera ikundionetsa zonse. N'chifukwa chiyani ndiyenera kuiona droniyo ndi maso anga?

Chifukwa kamera imayang'ana mbali imodzi. Sioona chimene chikubwera kumbuyo, m'mbali kapena pamwamba. Mukamaiona droni ndi maso, mumaonanso thambo loizungulira, ndipo makutu anu amamva ndege ikadali kutali. Magalasi a maso amene mumavala masiku onse ndi ololedwa, koma zoonera patali siziwerengedwa.

Pa 21 Seputembala 2017, pafupi ndi Staten Island ku New York, droni ya DJI Phantom 4 inagunda helikopita ya asilikali ya Black Hawk pa kutalika kwa mamita pafupifupi 90. Helikopitayo inatera bwino koma phiko lake limodzi linawonongeka, ndipo zidutswa za droni zinapezeka m'kati mwake. Ofufuza a NTSB, bungwe lofufuza ngozi ku United States, anapeza kuti woulutsayo anali makilomita 4 kutali, sankaiona droni yake, ndipo sankadziwa kuti tsikulo panali chiletso chosakhalitsa m'deralo. Onani kuti kutalika sanadutse malire. Chimene chinasowa ndi maso.

Pa katoni amalemba kuti droni ingafike makilomita 10 kapena 15. Umenewo ndi mtunda wa wailesi, osati wa lamulo. Droni yaing'ono imasanduka kadontho pa mamita mazana ochepa chabe, ndipo ngati simungathe kuzindikira kumene yaloza, mwaipititsa kale patali.

Okonda FPV, amene amavala magalasi oonetsa zimene kamera ikuona, mayiko ambiri amawalola pokhapokha pali mnzawo waima pambali pawo amene akuyang'ana droniyo ndi thambo, wokonzeka kuwachenjeza.

Ndamva kulira kwa helikopita ndili pakati pa kuulutsa. Nditani?

Tsitsani droni nthawi yomweyo, musadikire kuti muione kaye helikopitayo. Ngati pansi pali poyera, teretsani. Ngati droni ili patali, itsitseni m'munsi mwa msinkhu wa mitengo kapena nyumba n'kuiimitsa pamenepo. Musadine batani lobwerera yokha, chifukwa kawirikawiri limayamba ndi kuikweza m'mwamba, kumene kuli ngoziyo.

Kwabuka moto kapena kwachitika ngozi. Kujambula pang'ono kungalakwe chiyani?

Pano ndilankhula mosabisa: musayerekeze. Ndege zozimitsa moto zimauluka m'munsi kwambiri, mu utsi, zitalemedwa ndi madzi. Oyang'anira akangoona droni yosadziwika, amaimitsa ndege zonse mpaka atatsimikiza kuti yachoka, ndipo moto suima kudikira. Mu Januwale 2025, pa moto wa ku Palisades ku Los Angeles, droni inagunda ndege yozimitsa moto yochokera ku Quebec n'kuboola phiko lake. Ndegeyo inakhala masiku angapo osagwira ntchito pamene nyumba za anthu zinkapsa. Droniyo inali DJI Mini 3 Pro, ya m'gulu lija lochepera magalamu 250. Mwini wake anapezeka ndipo anavomera mlandu kukhoti. Ku Canada lamulo limaletsa droni pa mtunda wa makilomita 9.3 kuchokera pa moto wa m'nkhalango.

N'chimodzimodzi pa ngozi ya pamsewu, kusefukira kwa madzi kapena pamene akufunafuna munthu wosowa. Helikopita yodzatenga wovulala singatere droni ikuzungulira pamwamba. Komanso ganizirani wovulalayo ndi abale ake, amene sanapemphe kujambulidwa pa tsiku loipa chotere.

Nanga pamwamba pa anthu?

Droni imagwa. Batire limatha mosayembekezera, kaphiko kamathyoka, mbalame imaimenya. Ikazima pa mamita 50 imafika pansi m'masekondi ochepa, ndipo amene ali pansi sakhala akuyang'ana kumwamba. N'chifukwa chake pafupifupi kulikonse n'koletsedwa kuulutsa pamwamba pa khamu, pamene anthu apanikizana moti sangathe kuthawa.

Kwa anthu apatalipatali pali mitunda. Ku Australia ndi ku Canada ndi mamita 30 kuchokera kwa munthu amene sakutenga nawo mbali, ku United Kingdom 50 pa madroni ambiri, ku South Africa 50 kuchokera kwa anthu, nyumba ndi misewu. EASA inagawa zouluka wamba m'magulu A1, A2 ndi A3. Mu A2 mtunda ndi mamita 30, kapena 5 ngati droni yaikidwa pa liwiro lochepa. Mu A3 muyenera kukhala mamita 150 kuchokera kumalo okhala anthu, a malonda, a mafakitale ndi osangalalirako. Munthu wotenga nawo mbali si amene wangoima n'kumaonerera, koma amene mwamufotokozera zoopsa zake, wavomera, ndipo angamve mukamuuza kuti asunthe.

Mapu akusonyeza kuti mlengalenga ndi womasuka, koma mlonda akundiletsa. Akulondola ndani?

Mwina nonse. Pali malamulo a mitundu iwiri amene amagwira ntchito nthawi imodzi. Bungwe la za ndege limalamula kumwamba, koma mwini malo, khonsolo ya mzinda kapena oyang'anira paki amalamula pansi, pamene mumanyamukira, kutera ndi kuima. Mapu a mlengalenga nthawi zambiri sasonyeza malamulo apansiwa, ndipo muyenera kuwafufuza padera.

Malo osungira zachilengedwe ndiwo chitsanzo chachikulu. National Park Service ya ku United States inaletsa madroni m'mapaki ake onse mu Juni 2014. Patangopita miyezi iwiri, mlendo wina anagwetsera droni mu kasupe wotentha wa Grand Prismatic ku Yellowstone ndipo analipitsidwa chindapusa. Mu Meyi 2021 droni inagwera pamalo oswanirana mbalame za kunyanja ku Bolsa Chica ku California. Mbalame masauzande zinathawa ndi mantha, n'kusiya mazira osachepera 1,500 amene sizinabwererenso kudzafungatira. Kwa mbalame ndi nyama zambiri, chinthu chozungulira pamwamba ndi chiwombankhanga. Mungaone ngati nyama yangoima phee, pamene mtima wake ukuthamanga ndi mantha.

Ndiye pali malo a chitetezo: ndende, misasa ya asilikali, malo opangira magetsi, nyumba za boma, madoko. Ku England ndi Wales, kuyambira Januwale 2024, droni siloledwa pasanathe mamita 400 kuchokera pa ndende zimene akaidi saloledwa kutuluka. Ku Washington DC dera la mamailosi 15 kuzungulira bwalo la ndege la Reagan ndi loletsedwa. Ku Japan malamulo anakhwimitsidwa droni itapezeka padenga la ofesi ya nduna yaikulu mu Epulo 2015. Pa malo otere musayembekezere chikwangwani.

Mlonda akakuletsani, teretsani kaye droni ndipo mulankhulane mwaulemu. Ngakhale mutakhala kuti mukulondola, mkangano wochitika droni ili m'mwamba ndi maso anu ali kwina ndi woopsa.

Ndingadutse pamwamba pa nyumba ya mnansi wanga?

Malamulo amasiyana kwambiri apa. Kwina kudutsa chabe si mlandu, kwina muyenera kupempha. Koma kamera imabweretsa nkhani ina, ya ufulu wa munthu wokhala pakhomo pake osasuzumiridwa. Munthu akamanga mpanda amayembekezera kuti za m'kati mwake ndi zake. Ku European Union, chithunzi chimene munthu angazindikirike nacho chingagwe pansi pa GDPR, lamulo loteteza zinsinsi za anthu, makamaka mukachifalitsa pa intaneti.

Mnansi sangadziwe ngati mukujambula kulowa kwa dzuwa kapena ana ake. Amangomva phokoso n'kuona diso likumuyang'ana. Muuzeni musanayambe, muonetseni sikirini, ndipo musaimitse droni pamwamba pa bwalo lake. Madandaulo ambiri opita kupolisi amayambira pa kusauzana, ndipo madandaulo akachuluka makhonsolo amaletsa aliyense, osamala ndi osasamala omwe.

Mnzanga wandipempha kuti ndimujambulire nyumba imene akugulitsa. Ndikadali wongosangalala?

Ku United States ayi. Kumeneko chofunika ndi cholinga cha ulendowo. Ngati mukuulutsa kuti muthandize malonda kapena ntchito ya wina, ngakhale osalandira ndalama, mukufunika chiphaso cha Part 107, lamulo limene linayamba mu Ogasiti 2016. Ku South Africa nakonso malonda ndi kusangalala anazilekanitsa kwambiri. EASA inatenga njira ina: siyang'ana ngati mwalipidwa, imayang'ana kulemera kwa droni ndi kuopsa kwa pamene mukuulutsa. Choncho musanavomere ntchito yoyamba, fufuzani kuti dziko lanu lili mbali iti. Inshuwalansi ya wongosangalala nthawi zambiri siteteza ntchito ya malonda.

Usiku n'kololedwa?

Ku Australia wongosangalala amaulutsa masana okha. Ku European Union n'kololedwa ngati droni ili ndi nyale yobiriwira yothwanima. Ku United States imafunika nyale yochenjeza ndege zina. Nthambo za magetsi ndi nthambi sizioneka mu mdima, choncho yenderani malowo kukadali kowala.

Nditamwako pang'ono?

Ayi. Malamulo a mayiko ambiri amaletsa kuulutsa mutaledzera kapena mutamwa mankhwala ogonetsa, ndipo ku Japan kuyambira 2019 ndi mlandu umene ungakulowetseni m'ndende.

Inshuwalansi ndi yokakamiza?

Ku Germany ndi yokakamiza pa droni iliyonse. M'mayiko ena ambiri wongosangalala sakakamizidwa. Koma droni ikaswa galasi la galimoto kapena kucheka nkhope ya mwana, wolipira ndinu, kaya lamulo linakukakamizani kaya ayi. Mabungwe ena a oulutsa ndege zazing'ono amapereka inshuwalansi kwa mamembala awo, ndipo amakhalanso ndi malo ovomerezeka ophunzirirapo.

Ndikupita kudziko lina. Ndiitenge?

Fufuzani milungu ingapo ulendo usanafike. Chiphaso chanu sichiwoloka malire chokha. Ku Morocco akasitomu amalanda droni yolowa popanda chilolezo, ndipo ku Egypt lamulo la 2017 limaika zilango zowawa kwa wolowetsa kapena kuulutsa droni popanda chilolezo cha unduna wa chitetezo. Mlendo wopita ku European Union amalembetsa m'dziko loyamba limene akaulutsemo, ndipo nambalayo imagwira ntchito m'mayiko ena onse a mgwirizanowo.

M'ndege, mabatire a lithiamu osalowetsedwa mu droni amayenda m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wopita pansi, chifukwa batire likayaka m'chipinda cha anthu apaulendo, ogwira ntchito m'ndege angathe kulizimitsa. Osapitirira 100 Wh, muyeso wa mphamvu imene batire limasunga, amaloledwa popanda kupempha, a pakati pa 100 ndi 160 amafuna chilolezo cha kampani ya ndege ndipo sapitirira awiri. Phimbani kukamwa kwa batire lililonse kuti lisakhudzane ndi chitsulo.

Droni yathawa, kapena yagwa n'kuwononga. Ndichite chiyani?

Ikathawa kulowera kumene kuli bwalo la ndege, imbirani oongolera ndege a pabwalolo kapena polisi mwamsanga. Auzeni pamene munaiona komaliza, kutalika kwake, kumene yalowera ndi mphindi zimene batire latsala nazo. Ndi zimenezi angathe kuchenjeza ndege zimene zikubwera. Mantha a chindapusa asakutsekeni pakamwa, chifukwa kubisa n'kumene kumakulitsa mlandu. N'chifukwa chake ndi bwino kusunga nambala ya foni ya bwalo lapafupi musananyamutse droni.

Ikagwera munthu, thandizani wovulalayo choyamba. Ikawononga katundu, mupezeni mwini wake ndipo mumusiyire dzina lanu. Jambulani malowo ndipo musafufute zolembedwa za ulendowo zimene pulogalamu imasunga, pakuti ndizo zidzasonyeza kutalika ndi njira imene munadutsa. Mayiko ambiri amafuna kuti ngozi yovulaza munthu kwambiri, kapena yokhudza ndege yonyamula anthu, inenedwe ku bungwe la za ndege. Batire limene lagwa lichotseni, liikeni panja pa simenti kapena pa mchenga kutali ndi zoyaka, ndipo likatupa kapena kupindika musalitchajenso.